Nyumba yakale ikasanduka hotela: simenti kapena laimu wa ku Lirangwe?

M'dziko muno muli nyumba imene inamangidwa kuti muzigona kazembe wa Mfumukazi Victoria, koma patapita zaka inadzasanduka malo oti aliyense amene ali ndi ndalama ya chipinda alowe, agone, m'mawa amwe tiyi pakhonde. Nyumbayi ili ku Zomba, m'tsinde mwa phiri, moyandikana ndi munda uja wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Gardens. Anaimanga ndi John Buchanan, mzungu wa ku Scotland amene anayamba wagwira ntchito pamishoni ya Blantyre asanakayambe ulimi wa khofi ku Zomba, ndipo ntchitoyo inayamba cha mu 1886. Anamangira kazembe Hawes. Mu 1891 Harry Johnston atabwera kudzakhazikitsa boma la atsamunda, anafikira m'nyumba yomweyo, n'kumayendetsa dziko ali mmenemo. Bwanamkubwa atasamukira kunyumba ina imene lero timaitcha State House, iyi inatsala ngati malo ogonako anthu oyenda pa ntchito za boma, kenaka n'kukhala Hotel Masongola. Amene anaiona amakumbukira nsanja zake ziwiri za madenga osongoka, zomwe zinaipatsa dzinalo. Boma linaiika m'kaundula wa zipilala zotetezedwa.

Wowerenga wa ku Chileka kapena ku Lirangwe atha kufunsa kuti za ku Zomba zikumukhudza pati. Zikumukhudza ndithu. Alendo ambiri ochokera kunja amene amadzaona nyumba zoterezi kuno kummwera amatera pabwalo la ndege la ku Chileka, n'kukwera galimoto ulendo wa ku Zomba kapena ku Thyolo, ife n'kungoona fumbi lawo. Komanso kuno kwathu nyumba zakale ziliko: za m'masiteshoni a njanji imene inachoka ku Blantyre, kudzera pa Lirangwe, n'kukafika ku Salima mu 1935, masitolo a makonde aatali amene amwenye anasiya m'matiredi m'zaka za m'ma 1970 boma litawalamula kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu, nyumba za m'mamishoni ndi za m'maesiteti akale. Tsiku lina wina adzayang'ana imodzi mwa izo n'kuganiza zoikonza kuti muzigona alendo. Ndipo chinthu chimene nyumba yotere imafuna kuposa china chilichonse kuti isagwe, chimakumbidwa ku Lirangwe komwe kuno. Ndikunena miyala ya laimu.

Tiyambe ndi kufunsa chifukwa chake anthu akale ankamanga mmene ankamangiramo. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908. Chisanafike chaka chimenecho, katundu wambiri wochokera kunja ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, n'kutsitsidwa cha ku Chikwawa, kumene mathithi amayambira. Kuchokera pamenepo ankakwera mapiri ali pamitu ya amtengatenga. Katundu wopita kunyanja ankapitirira kuchoka ku Blantyre kudutsa chigawo chathu chino mpaka ku Matope, kumene ankamukwezanso m'sitima. Lata lililonse, galasi lililonse la pazenera, loko aliyense wa chitseko, panali khosi la munthu limene linavutika. Ndiye womanga sakanadalira simenti yochokera ku Britain. Ankayang'ana zimene zili pafupi: dothi la njerwa, matope omangira, laimu, udzu ndi mitengo ya m'nkhalango.

Mandala House ku Blantyre ndi umboni wake. Anaimanga mu 1882 kuti muzikhala akuluakulu a kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir. Ndi yosanja, khonde linazungulira, ndipo makoma ake ndi a njerwa ndi matope. Yadutsa zaka 140 ili chiimire, pamene nyumba zambiri za simenti zomangidwa ife tikuona zili kale ndi ming'alu yolowa dzanja. Kumtunda kwake kuli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946, ndipo kunsi anthu amaonako zojambula n'kumwa khofi. Pabwalo pake panali mpanda wolimba, poti masiku amenewo azungu ankamanga ali ndi mantha. Manthawo sanali opanda pake: mu January 1915 anthu a John Chilembwe anathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyi pa Mandala pomwepo.

Mukalowa m'nyumba ya nthawi imeneyo mu Okutobala, choyamba kumva ndi kuzizira, ngakhale mulibe makina aliwonse. Si matsenga. Khoma lake ndi lochindikala, mwina njerwa imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndiye kutentha kwa masana kumatenga maola ambiri kuti kulowe mkati. Pofika nthawi imene kwalowa, dzuwa lapita, kunja kwayamba kuzizira, mazenera atsegulidwa. Khonde lalikulu limaletsa dzuwa kuomba khoma ndipo limaletsa mvula kulimenya. Siling'i ili kutali ndi mutu, ndiye mpweya wotentha umakwera n'kukusiyani pansi mukupuma bwino. Zitseko ndi mazenera zinayang'anizana kuti mphepo idutse. Pansi pa nyumba anakweza, mumachita kukwera masitepe kuti mufike pakhonde, kuti madzi a mvula asalowe ndiponso kuti msewu wa chiswe uzioneka chisanafike ku mitengo ya denga. Nzeru zimenezi zinagwira ntchito ku Zomba ndi ku Thyolo kumene kumazizira. Kuli bwanji kuno ku Chileka, kumene bwalo la ndege lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 780 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene mzinda wa Blantyre udutsa mamita 1,000? Aliyense amene anatsika kuchoka ku Chirimba kupita ku Chileka m'chilimwe amadziwa kuti kusiyanako kumamveka pakhungu.

Koma pali chinthu china chimene maso saona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Khoma lakale limamwa madzi. Omanga ambiri a nthawi imeneyo sankayala pepala kapena phula pamaziko loletsa chinyezi kukwera, monga amachitira mabilidala lero. Ndiye m'dzinja chinyezi cha m'nthaka chimakwera m'njerwa ndi m'matope pang'onopang'ono. Chimene chimapulumutsa khomalo n'chakuti madziwo ali ndi potulukira. Pulasitala wa laimu ndi njereza yopaka pamwamba pake zili ndi timabowo tosaoneka, ndipo mphepo ikamadutsa pakhonde imaumitsa khoma. Madzi alowa, madzi atuluka, chaka ndi chaka. Laimu ndi wofewanso: nthaka ikafufuma ndi mvula kapena ikauma n'kukhwinyata, khoma limasuntha pang'ono osathyoka, ndipo mchere umene madzi amanyamula kuchokera m'nthaka umadya pulasitala m'malo modya njerwa. Pulasitala amayoyoka, mmisiri n'kudzamata wina, njerwa ili bwinobwino mkati. Anapangidwira zimenezo.

Tsopano tayerekezani kuti nyumba imeneyi yagulidwa ndi munthu wofuna kuchita bizinesi ya malo ogona. Mlendo wa masiku ano safuna kutuluka usiku kukafuna chimbudzi. Amafuna bafa lakelake m'chipinda, madzi otentha, magetsi pakona iliyonse, intaneti. Nyumba yakale inalibe zimenezi. Banja lonse linkasamba m'bafa limodzi, madzi otentha wantchito ankachita kubweretsa m'ndowa, ndipo m'nyumba zambiri za atsamunda chimbudzi chinali cha ndowa imene munthu wina ankadzachotsa kudzera pakabowo ka kuseri. Khitchini inali payokha kumbuyo, kuopa moto ndi utsi. Kusandutsa nyumba yotere kukhala hotela ya zipinda zisanu kapena khumi ndiye kuti mukulowetsa madzi m'malo asanu kapena khumi mmene sanayambe afikamo. Chimenechi ndiye choopsa choyamba. Pulambala amagoba khoma kuti akwirire mapaipi. Paipi imodzi ikangoyamba kudontha mkati mwa khoma lomangidwa ndi matope, palibe amene amadziwa mpaka tsiku limene pulasitala watupa, ndipo pofika pamenepo matope a pakati pa njerwa asanduka phala, chiswe chapeza madzi akumwa.

Womanga wanzeru amachita zina. Mabafa amawaika m'kanyumba kowonjezera kumbuyo, kapena amawasonkhanitsa mbali imodzi kuti mapaipi akhale ochepa ndiponso ayende kunja kwa khoma, poonekera, pamene munthu angawafikire. Amalolera kuti zipinda zogona zikhale zochepa. Apa mpamene amayambana ndi mwini ndalama, chifukwa chipinda chilichonse chimene sichinapangidwe ndi ndalama imene sidzalowa. Ine ndili kumbali ya womangayo. Ngati mukufuna zipinda makumi atatu, mangani nyumba yatsopano chapatali pang'ono, yosapikisana msinkhu ndi yakaleyo, ndipo yakaleyo ikhale yolandirira alendo, yodyera ndi yochezera.

Choopsa chachiwiri ndi simenti, ndipo chimabwera ndi mtima wabwino. Mwini nyumba waona pulasitala akuyoyoka m'munsi mwa khoma, waitana bilidala, bilidala wagwetsa laimu yense n'kumata simenti yolimba, pamwamba n'kupaka penti wa mafuta wonyezimira. Pansi achotsa njerwa kapena matabwa akale n'kuthira konkire ndi matailosi. Kunja azunguliza konkire ina mpaka kukhudza khoma. Tsiku lotsegulira aliyense akuyamikira. Koma chinyezi cha m'nthaka sichinauzidwe kuti chisiye kukwera. Kale chinkatulukira pansi ponse ndi pakhoma ponse. Tsopano njira yatsala imodzi, mkati mwa khoma, ndipo chimakwera kupitirira pamene chinkafika kale. Njerwa yakale, imene inaotchedwa ndi nkhuni ndipo ndi yofewa kuposa simenti, imakhala yonyowa chaka chonse, mchere n'kumaidya. Pakapita zaka zingapo mukagogoda khomalo limalira ngati mulibe kanthu, ndipo simenti ikagwa imagwa ndi nkhope ya njerwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zimenezi zaoneka kwambiri ku Zanzibar ndi ku Ilha de Moçambique, mizinda yakale yomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu, kumene akatswiri akhala akulimbana ndi eni nyumba kuti asiye kumata simenti. Ifenso namondwe Freddy wa mu March 2023 anatikumbutsa kuti khoma lonyowa kuchokera pansi silichedwa kugwada.

Chachitatu ndi khonde. Munthu wa bizinesi akaona khonde lalikulu amaona malo ongokhala, ndiye amalitseka ndi njerwa kapena magalasi kuti apezepo chipinda china. Akatero, mphepo yasiya kudutsa, zipinda zamkati zachita mdima ndi kutentha, n'kuyamba kugula makina oziziritsa. Makinawo amafuna kuti mazenera azikhala otseka, madzi ake amadontha pakhoma, ndipo magetsi akathima, monga amathimira kuno, alendo amapsa m'nyumba imene inakhala zaka 100 ikudzizizira yokha. Amatsitsanso siling'i kuti makina asavutike. Pofika apa chimene chatsala cha nyumba yakaleyo ndi chaka chokha cholembedwa pachikwangwani.

Za matabwa n'zovutirapo, chifukwa apa ngakhale wofuna kuchita bwino amasowa pogwira. Nyumba zambiri zakale za kummwera kuno zili ndi mitanda, zitseko ndi mafelemu a mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiukonda. Lero mkungudza watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo kuudula n'kuphwanya lamulo. Mlombwa ndi mbawa nazonso zikusowa. Ndiye thabwa lakale likaola mbali imodzi, si bwino kulizula lonse n'kuika la paini kapena chitsulo. Kalipentala wodziwa amadula poola pokhapo n'kulumikiza kachidutswa kena. Ndi ntchito yochedwa, ndipo akalipentala oidziwa akukalamba. Njerwa nazonso: mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Cholinga n'chabwino, koma buloko ya simenti siigwirizana ndi khoma la m'ma 1900. Wokonza nyumba yakale ayenera kusunga njerwa iliyonse imene wagumula, kuipala, n'kuibwezera.

Nanga lamulo likuti chiyani? Tili ndi Monuments and Relics Act ya 1990, ndipo nthambi ya boma yoyang'anira zimenezi ndi Department of Museums and Monuments. Nyumba ikalengezedwa kuti ndi chipilala chotetezedwa, mwini wake amakhalabe mwini, koma sangaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo cha boma. Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba ikalowa m'kaundula ndiye kuti boma liziikonza. Ayi. Kaundula amamanga manja a wofuna kuwononga, koma sagula lata ngakhale limodzi. Boma limene likusowa mankhwala m'zipatala silingaike denga la nyumba ya Buchanan patsogolo, ndipo sindingalidzudzule kwambiri pa chimenecho. Ndiye ndalama yokonzera iyenera kuchokera kwina, ndipo n'chifukwa chake ndikuti kusandutsa nyumba yakale kukhala malo ogona alendo si tchimo, ngakhale ndatha ndime zingapo ndikuwerenga zoopsa zake. Nyumba yopanda anthu imafa msanga. Lata limodzi likasasuka palibe woona, mileme imalowa, ana amaswa magalasi, ena amazula mafelemu usiku, kachere n'kumera pakhoma. Nyumba ya alendo ili ndi munthu amene amataya ndalama denga likadontha, ndipo ameneyo amakwera makwerero tsiku lomwelo.

Maiko ena anazindikira zimenezi kale. Ku Spain boma linayamba mu 1928 kutsegula mahotela otchedwa paradores, ambiri mwa iwo m'nyumba zakale za mafumu ndi za ansembe. Ku India nyumba zina za mafumu, monga Rambagh Palace ku Jaipur, zinasanduka mahotela ufumu utatha mphamvu. Mu 1964 akatswiri osamala nyumba zakale anakumana ku Venice n'kugwirizana mfundo zimene zikutsatidwabe: kuti nyumba imasamalika bwino ikamagwira ntchito yothandiza anthu, koma ntchitoyo isasinthe kamangidwe kake, ndipo chowonjezera chatsopano chizidziwika kuti n'chatsopano. Pafupi ndi ife, ku Zambia kuli Shiwa Ng'andu, chinyumba cha njerwa chimene Stewart Gore-Browne anamanga kutchire pogwiritsa ntchito dothi ndi mitengo ya komweko. Chinatsala pang'ono kugwa, koma a m'banja lake anachikonza ndipo lero chimalandira alendo.

Kwathu kuno chitsanzo china ndi Huntingdon House pa esiteti ya tiyi ya Satemwa ku Thyolo. Maclean Kay anayamba esitetiyi mu 1923, ndipo nyumbayo inali yokhalamo banja lake. Itasanduka malo ogona, zipinda za alendo zinangokhala zisanu. Chiwerengero chimenecho n'chimene chikundisangalatsa, chifukwa chikusonyeza kuti analola nyumba kunena kuchuluka kwa alendo amene ingakwanitse. Ku Livingstonia nako Stone House, nyumba yamiyala imene ankakhalamo Dr Robert Laws, inakhalapo malo ogona alendo komanso osungiramo zinthu zakale nthawi imodzi.

Pali anthu amene amati nyumba za atsamunda zigwe, si zathu. Ndikuwamvetsa. Chigawo chino cha Blantyre, pamodzi ndi Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, ndi kumene malo ambiri analandidwa n'kukhala maesiteti, ndipo makolo athu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala panthaka ya makolo awo. Mchitidwewo unatha mwalamulo mu 1962, si kale kwambiri. Agogo ena amene anauona akadali ndi moyo. Munthu akamagona m'chipinda cha bwana n'kumauzidwa za masiku okoma akale, pali china chimene chikubisidwa. Koma tafunsani kuti anaponda dothi ndani, anaumba njerwa ndani, anacheka matabwa ndani, anasenza malata ndani. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, chimatchulidwa ndi dzina la David Clement Scott, amene sanaphunzire n'komwe za mapulani a nyumba. Koma manja amene anaumba ndi kusanja njerwa za maonekedwe osiyanasiyana zija anali a anthu akuno. Kugwetsa nyumba zimenezi n'kufafaniza ntchito yawo, pamene mayina a azungu adzatsalabe m'mabuku.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona kuti pokonza nyumba yakale, choyamba kugwetsedwa chimakhala khitchini ya kuseri ndi boyizikota, kuti papezeke poimika magalimoto. Kamangidwe ka nyumba ya mtsamunda sikathera pakhonde. Mtunda wa pakati pa chipinda chodyera ndi khitchini, umene khukhi ankathamanga ndi mbale mvula ili pamsana, ndi mbali ya pulani. Kachipinda ka zenera limodzi mmene munkagona banja lonse la wantchito, pamene bwana ali ndi siling'i yotalika kawiri, ndi mbali ya pulani. Mlendo aone zonse ziwiri, ndipo womuperekeza amuuze zonse ziwiri. Alendo ambiri a masiku ano sakhumudwa ndi choonadi. Chimene chimawatopetsa ndi nkhani yokometsera.

Palinso nkhani ya pageti. Malo ena oterewa amalipiritsa m'madola, ndipo mphunzitsi wa ku Lunzu sangalote zogonako. Palibe amene angakakamize mwini hotela kutsitsa mtengo. Koma nyumba ikakhala m'kaundula wa dziko, dziko liyenera kukhala ndi polowera. Boma popereka chilolezo chosinthira nyumba yotere lingathe kuika mfundo yakuti ana a sukulu aziloledwa kudzaona masiku ena, ndiponso kuti munthu wamba azitha kulowa masana kudzamwa tiyi osafunsidwa ngati ali ndi chipinda. Ndipo kaundulayo asangodzaza ndi nyumba za azungu. Ku Chileka kuno ndi kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa 6 July 1958. Kuno ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, amene nyimbo zawo zinafika kutali kunja kwa dziko lino, komanso kwa Evison Matafale. Malo amene anthu oterewa anakhala ndi kugwirako ntchito akuyenera kuganiziridwa asanagumulidwe.

Tsopano za laimu. Ku Lirangwe, monganso ku Chenkumbi ku Balaka, anthu akhala akukumba miyala ya laimu n'kumaiotcha m'mauvuni ang'onoang'ono. Mwala umafuna moto wa madigiri pafupifupi 900 kuti mpweya umene uli mkati mwake utuluke. Ukapsa umapepuka, ndipo mukauthira madzi umalira, umatentha, n'kuphwanyika kukhala ufa kapena phala loyera. Pamenepo munthu asamale maso ndi manja, chifukwa umawotcha. Phala limenelo mukalisakaniza ndi mchenga n'kumata pakhoma, limayamba kukoka mpweya uja kuchokera mumlengalenga, pang'onopang'ono n'kubwerera kukhala mwala. Simenti imagwira tsiku limodzi. Laimu amatenga masabata, ndipo amapitiriza kulimba kwa miyezi.

Laimu ameneyu ambiri timamudziwa ngati wopaka m'zimbudzi, m'mitengo ya pasukulu kukamabwera nduna, ndi pamanda. Koma wokonza nyumba yakale amamufuna ngati chomangira, ndipo amafuna wabwino: wopsa mokwanira, wopanda miyala yosapsa, wopanda phulusa ndi makala, wosefedwa. Miyala ina ya laimu imakhala ndi mchere wa magnesium wambiri, ndipo yotere imachedwa kusungunuka; kachidutswa kamene katsala kosasungunuka kamadzaphulika m'pulasitala khoma litatha kale. Mankhwala ake ndi kumuviika laimu m'dzenje la madzi kwa masabata kapena miyezi asanagwire ntchito. Wootcha laimu amene angamachite zimenezi n'kumagulitsa phala lokhwima, osati ufa wa m'matumba okha, angapeze ogula amene lero sadziwa kuti aliko: matchalitchi akale, nyumba za m'mamishoni, nyumba za boma za ku Zomba, ndi mahotela a m'nyumba zakale. Vuto lake sitilibisa. Uvuni umadya nkhuni zambiri, ndipo aliyense woyenda mumsewu wa M1 kuchoka ku Lunzu kupita ku Zalewa amaona mmene mapiri ayerera ndi matumba a makala ali m'mbali mwa msewu. Mauvuni aatali omangidwa ndi njerwa, amene amathiridwa miyala kumwamba n'kumatulutsa laimu kunsi moto osazima, amadya nkhuni zochepa kuposa maenje ndi milu, ndipo angathe kuyendera malasha. Amafuna ndalama yoyambira imene wootcha mmodzi payekha sangaipeze.

Luso nalo likufunika kulibweza. Anyamata amene akuphunzira zomangamanga lero amaphunzira simenti, buloko ndi matailosi, chifukwa n'zimene msika ukufuna. Ochepa amadziwa kuti khoma lakale amayamba alinyowetsa asanamate, kuti pulasitala wa laimu amaikidwa mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira woyamba agwire, ndiponso kuti kunja kukatentha ngati kwathu kuno amamutchinga ndi masaka onyowa kuti asaume msanga n'kung'ambika. Njereza amaipaka yamadzimadzi kangapo, osati yolimba kamodzi. Madala amene anamangapo m'mamishoni ndi m'maesiteti amazidziwa zimenezi, ndipo ena ali m'midzi yathu momwemu akulima nandolo. Sukulu za ntchito zamanja zikanawaitana akadali ndi mphamvu yogwira chipande.

Kwa amene ali ndi nyumba yakale ndipo akulota za alendo, ndalama yoyamba isapite ku makatani kapena ku chikwangwani. Ipite kudenga, kenaka ku ngalande zochotsa madzi a mvula kuti asaime m'mbali mwa maziko, kenaka kuchotsa dothi ndi maluwa amene aunjikana pakhoma. Ajambule zithunzi za chipinda chilichonse asanakhudze kanthu, ndipo ngati nyumbayo ili m'kaundula, ayambe wapita ku Museums and Monuments. Mawaya akale a magetsi achotsedwe onse, chifukwa denga la matabwa ouma a zaka 100 silichedwa kuyaka. Laimu aitanitsiretu miyezi ingapo ntchito isanayambe kuti akhwime m'dzenje, ndipo ntchito yomata aiike m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julaye, mvula itatha koma dzuwa lisanakwiye. Mmisiri wa laimu amulipire pa tsiku. Akamupatsa kontirakiti ya khoma lonse, adzathira simenti pang'ono m'matope kuti amalize msanga.